Mpata wa Fort Lister ndi Buku la Magomero: Zomwe Landeg White Anatisiyira

(Ng'oma za tchopa, kenaka zitsike pang'onopang'ono)

  Lero pa pulogalamu yathu ya mbiri yakale tikamba za munthu yemwe sanabadwire kuno ku Malawi, koma zolemba zake zinasintha momwe anthu ophunzira amakambira za makolo athu. Dzina lake ndi Landeg White.

Tisanafike kwa iyeyo, tiyambe ndi malo omwe ambiri a inu mumawadziwa. Mukaima pa boma la Phalombe n'kukweza maso, mumaona phiri la Mulanje mbali iyi, la Michesi mbali inayo, ndipo pakati pake pali mpata. Lero mumpatamo mumadutsa amayi osenza nkhuni, anyamata a kabaza ndi ana opita kusukulu. Zaka 140 zapitazo munkadutsa anthu a magoli m'khosi, ena atasenzetsedwa minyanga ya njovu, akuwatsitsira ku nyanja yamchere cha ku Quelimane. Mafumu a Chiyao omwe anali ndi mfuti ndi onga, monga Matipwiri, Mtiramanja ndi Mkanda, ndiwo ankalamulira njira zozungulira phirili. Dziko lino litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, bwanamkubwa Harry Johnston anamangitsa linga mumpatamo mu 1893, n'kulitcha Fort Lister, dzina la mkulu wina wa boma ku London. Anaikapo asilikali, ena mwa iwo ochokera ku India. Pofika 1895 Matipwiri anali atagonja, ndipo njira ya akapolo inatsekeka.

Mukakwera kumeneko lero mupeza zipupa zakugwa, ndi manda a mzungu wina, Gilbert Stevenson, yemwe anamwalira mu 1896. Manda amenewo ali ndi dzina. Anthu osawerengeka omwe anadutsa pamenepo ali m'magoli, palibe mwala uliwonse wolembedwa dzina la mmodzi wa iwo. Ine nditaima pamalopo koyamba, chimenechi ndicho chinandilasa mtima.

Kusukulu ambiri a ife tinaphunzira nkhaniyi mwachidule: kunali ukapolo, kunabwera Livingstone, kunabwera Johnston, ukapolo unatha. Si bodza ayi. Koma ndi nkhani yodulidwa pakati. Landeg White ndi mmodzi mwa anthu omwe anakana kuidulira pamenepo.

Iyeyu anabadwa mu 1940 ku Wales. Anayamba waphunzitsa ku Trinidad, chilumba chomwe anthu ake ambiri ndi zidzukulu za akapolo otengedwa kuno ku Africa. Mu 1969 anafika ku Chancellor College, nthawi imeneyo kolejiyo ili ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, isanasamukire ku Zomba. Sanabwere ngati mphunzitsi wa mbiri yakale, anabwera kudzaphunzitsa Chingerezi ndi zolembalemba. Anali m'gulu la aphunzitsi ndi ophunzira omwe mu 1970 anayambitsa bwalo la alembi pakolejipo, momwe munali Jack Mapanje ndi anzake. Mu 1972 boma la Dr Banda linamuthamangitsa m'dziko muno. Anakaphunzitsa ku Sierra Leone, ku Zambia, kenaka ku yunivesite ya York ku England, koma mtima wake unatsalira kuno. A Mapanje atamangidwa mu 1987, White anali mmodzi mwa omwe sanagone tulo kufuula kuti awamasule, mpaka anatuluka mu 1991. Iye anamwalira ku Portugal mu Disembala 2017.

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka White kanali khutu. Popeza anali munthu wa ndakatulo ndi nyimbo, ankadziwa kuti zomwe munthu wosauka sangazinene pamaso pa bwana, amaziimba pamtondo kapena kumunda.

(Kanyimbo pang'ono)

Buku lake lomwe likutikhudza kwambiri linatuluka mu 1987, ndipo dzina lake ndi Magomero. Magomero ali m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, cha kumalire a Chiradzulu ndi Zomba, ndipo madzi ake amatsikira m'chigwa chathu chino kupita ku nyanja ya Chilwa. White anachita chinthu chomwe nthawi imeneyo chinali chachilendo. M'malo molemba mbiri ya dziko lonse, ya abwanamkubwa ndi mabishopu, anasankha malo amodzi n'kuwatsatira kwa zaka zoposa 120. Anawerenga mabuku omwe amishoni ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, makalata a boma ndi a eni esiteti, umboni wa m'makhoti, kenaka n'kukakhala pamphasa ndi anthu a m'midzimo kumva zawo.

Nkhani imayamba mu 1861. Pa 16 Julayi chaka chimenecho, anthu a paulendo wa David Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie anakumana ndi gulu la akapolo m'mudzi wa Mbame. Anadula magoli, anamasula anthu 84, ndipo anthu amenewa ndiwo anakhala chiyambi cha mishoni ya ku Magomero, pamalo a mfumu Chigunda. Chithunzi chimenechi n'chokongola, ndipo chinajambulidwa m'mabuku ambiri. Koma White anafunsa kuti, nanga mawa lake chinachitika n'chiyani? Anapeza kuti ambiri mwa omasulidwawo anali amayi ndi ana opanda kwawo kobwerera. Omwe ankawatenga pa tsikulo anali otumidwa ndi amalonda a ku Tete. Ayao omwe amishoni anawaona ngati adani, mpaka bishopu kunyamula mfuti ndi kuwatenthera midzi, ambiri anali othawa nkhondo ndi njala kwawo. Ndipo pakati pa Amang'anja omwe amishoni ankawateteza, analiponso ogulitsa anzawo. Njala ndi kamwazi zinapha anthu ambiri pamishonipo. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862, ndipo pasanathe miyezi ingapo amishoni anachoka pa Magomero.

Mwaona, omvera, nkhani ikafotokozedwa chonchi, mulibenso mtundu wa angelo ndi mtundu wa ziwanda. Muli anthu, njala, mfuti, nsalu ndi mantha. Ine ndimaona kuti ichi n'chofunika kwambiri kwa ife a m'chigwa chino, momwe Mlhomwe, Myao ndi Mnyanja akwatirana mpaka magazi kusakanikirana.

Koma pamene bukuli limaluma zedi ndi gawo lotsatira. Patapita zaka pafupifupi 30, mkamwini wa Livingstone, Alexander Low Bruce, yemwe anakwatira mwana wake Agnes, anatenga malo aakulu zedi, maekala oposa 150,000, n'kuwatcha dzina lomwelo la Magomero pokumbukira mishoni ija. Banjali linalinso ndi esiteti ina yocheperapo ku Likulezi, kutsinde kwa phiri la Mulanje. Mwana wa Bruce, Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu weniweni wa Livingstone, ndiye anadzayendetsa malowa, ndipo woyang'anira ntchito pa Magomero anali William Jervis Livingstone, yemwe anthu ankamutchula kuti Listonia. Malo anali ambiri, thonje linkafuna manja, koma anthu anali ochepa chifukwa nkhondo ndi ukapolo zinali zitapulula dera lonselo. Manjawo anachokera kuti?

Anachokera kum'mawa. Anadutsa muno.

Apa ndi pomwe buku lina la White, lomwe analemba ndi mnzake wa ku America, Leroy Vail, limatithandiza. Linatuluka mu 1980, ndipo limakamba za dera la Quelimane ku Mozambique, lomwe limafika mpaka ku Milange, kuseri kwa phiri lathuli. Awiriwa anayenda m'midzi ya kumeneko dzikolo litangolandira ufulu mu 1975, n'kumajambula nyimbo ndi mawu a okalamba. Anaonetsa momwe Apwitikizi anagawira dziko kwa makampani monga Boror, Lugela ndi Sena Sugar, momwe msonkho unkatoleredwera, momwe asipayi, apolisi awo, ankagwirira amuna usiku kupita nawo ku chibalo, ndi momwe mbalamatodya inkatupitsira zikhatho za munthu wolephera kukwanitsa. Anatsatira ngakhale nyimbo imodzi yodandaula za bwana wotchedwa Paiva, kuonetsa momwe inasinthira pa mibadwo ingapo ya anthu a m'minda ya nzimbe. Kuyambira cha m'ma 1890 kumapeto, mabanja a Alhomwe anayamba kuthawa zimenezi, kuchokera ku mapiri a Namuli ndi madera ozungulira, ana kumsana, mbewu m'nsengwa. Kalembera wa 1921 anapeza Alhomwe pafupifupi 120,000 m'dziko la Nyasaland. Pofika 1945 anali pafupifupi 380,000. Njira zomwe kale zinkatulutsa akapolo, tsopano zinkalowetsa anthu othawa.

Atafika kuno anapeza thangata. Mawuwa ndi athu, ndipo poyamba anali abwino. Kuthangata kunali kuthandizana: mnzako akafuna kulima kapena kufolera nyumba, ankafulula mowa, anthu n'kubwera ndi makasu. Katswiri wa kuno kwathu, a J.A.K. Kandawire, analemba buku lonse mu 1979 pofunsa momwe mawu othandizana anasandukira dzina la ntchito yokakamiza. White anatenga funso lomwelo n'kuliika m'makomo a anthu.

Zinkayenda motere. Mzungu akatenga malo, chikalata chake chinkanena kuti midzi yomwe anaipeza asaisokoneze. Koma wobwera pambuyo analibe chitetezo chimenecho. Mlhomwe wongofika kumene, kuti amange nyumba ndi kulima kadimba, ankayenera kulipira ndi thukuta: mwezi umodzi wa lendi, mwezi wina wa msonkho wa nyumba. Boma nalo linathandizira, pakuti kuyambira cha mu 1901 msonkho unali mashilingi 6, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira 3 yokha. Papepala inali miyezi 2. Kumunda zinali zina. Kapitawo ankapereka ndime yaikulu, ndipo ukalephera kuimaliza, tikiti yako sinkachongedwa, tsikulo lapita pachabe. Miyezi 2 inkatambasuka kukhala 4 kapena 5, ndipo inkagwa nthawi ya dzinja, pomwe munda wako ukufuna kupalira. Malipiro nthawi zina anali masamba a fodya m'malo mwa ndalama. Chikoti chinali pafupi. Amayi amasiye nawo sankasiyidwa. Wodandaula ankauzidwa kuti asamuke, ndipo kusamuka kunali kubwerera kwa asipayi. Mu 1903 woweruza wina wa boma lomwelo la atsamunda, Nunan, anadzudzula mchitidwewu m'khoti, koma eni maesiteti anali ndi mphamvu kuposa chigamulo chake.

Pa malo a Bruce panalinso lamulo lina: sukulu ayi, tchalitchi ayi. Matchalitchi a udzu omwe anthu a m'busa John Chilembwe ankamanga pamalopo ankatenthedwa. Ganizirani zimenezo, omvera. Pamalo otchedwa dzina la mishoni yomasula akapolo, m'manja mwa mdzukulu wa Livingstone, mwana wa Mlhomwe ankaletsedwa kuphunzira kuwerenga.

(Kanyimbo pang'ono)

Za usiku wa pa 23 Januwale 1915 mukuzidziwa. Anthu a Chilembwe anafika pa Magomero, anapha Listonia n'kumudula mutu, anaphanso azungu ena 2 ogwira ntchito pa esitetiyo, koma amayi ndi ana sanawapweteke. Boma linabwezera mwankhanza: tchalitchi cha Chilembwe cha ku Mbombwe chinagumulidwa, midzi inatenthedwa, ndipo anthu oposa 30 anaphedwa atazengedwa milandu mwachangu. Chilembwe mwini anathawira kum'mawa, kulunjika ku Mozambique, ndipo pa 3 Febuluwale apolisi ochokera ku boma la Mulanje anamupeza n'kumuwombera m'dera lathu lino, cha ku Migowi. Nthawi imeneyo kuno kunali pansi pa Mulanje, pakuti Phalombe inakhala boma palokha mu 1998.

Nkhani ya Chilembwe inali italembedwa kale bwino lomwe ndi George Shepperson ndi Thomas Price m'buku lawo la mu 1958, Independent African. Iwo anatsata m'busayo: kukumana kwake ndi mmishonale Joseph Booth, ulendo wake wa ku America mu 1897, maphunziro ake ku Lynchburg, ndi kubwerera kwake mu 1900. Ndi buku lalikulu, ndipo popanda ilo sindikhulupirira kuti nkhope ya Chilembwe ikanadziwika monga ikudziwikira lero pa ndalama zathu. Chomwe White anawonjezera ndi kutembenuza maso. Anasiya kuyang'ana paguwa, n'kuyang'ana anthu okhala pamabenchi. Kodi omwe ananyamula mikondo usiku umenewo anali ndani? Ambiri anali anthu a pa esiteti, Alhomwe ndi Ayao, omwe misana yawo inkadziwa chikoti cha Listonia. Kwa iwo nkhaniyi sinayambire ku America. Inayambira pa ndime yosatha ndi tikiti yosachongedwa.

Ndipo thangata silinafe ndi Listonia. Linasintha maonekedwe, thonje linapatsa malo fodya, boma linagula mbali ya malo a Bruce m'zaka za m'ma 1950, koma lamulo lothetseratu thangata linadza mu 1962. Werengani nokha: kuchokera pomwe linga la Fort Lister linamangidwa mu 1893 kufika 1962 ndi zaka 69. Munthu ankatha kubadwa, kukula, kukalamba ndi kufa ali pa thangata, m'dziko lomwe mabuku ankati ukapolo unatha.

Sindikunena kuti thangata ndi ukapolo n'chimodzimodzi. Wa pa thangata sankagulitsidwa pamsika, ndipo ana ake sankalandidwa kupita kutsidya kwa nyanja. White naye sanasokoneze ziwirizi. Koma anationetsa ulusi womwe unazilumikiza: munthu wopanda malo ndi wopanda abale omuteteza ndiye amagwidwa, kaya ndi mfumu ya mfuti, kaya ndi kampani ya chikalata.

Tsono mphamvu ya zolemba zake pa anthu ophunzira ili pati? Choyamba n'chakuti anatsimikizira kuti mudzi umodzi ungathe kunyamula mbiri ya dziko lonse, ndipo kuti mawu a mayi wosapita kusukulu ndi umboni wolemera ngati kalata ya bwanamkubwa. Sanali yekha pa njira imeneyi, ndipo tisamupatse ulemu wa anthu ena. Aphunzitsi a mbiri yakale ku Chancellor College, monga a Kings Phiri, omwe analemba za kulowa kwa Ayao m'chigawo chino, ankatumiza ophunzira awo kumidzi kukafunsa okalamba. M'chaka chomwecho cha 1987, Megan Vaughan anatulutsa buku la njala ya 1949, momwe nyimbo za amayi za pamtondo zinakhala umboni. Koma Magomero linalembedwa mokoma ngati nthano, moti linawerengedwa ndi anthu ambiri omwe sakanatsegula buku la mbiri yakale. A Wiseman Chijere Chirwa atalemba mu 1994 za Alhomwe ndi antchito ochokera ku Mozambique m'nthawi ya atsamunda, anali kulima m'munda womwe White ndi Vail anali atauswa mphanje. John McCracken, m'buku lake lalikulu la mbiri ya Malawi la mu 2012, akafika pa thangata ndi pa 1915 amatsamira pa Magomero. Lero wophunzira aliyense wofuna kulemba za malo ndi maesiteti a kum'mwera kuno, sangalambalale bukuli.

Pali china chomwe chimautsa mtsutso. Mu 1989 Vail ndi White analemba za mitundu ndi ndale m'Malawi, ponena kuti momwe timadzionera lero ngati mitundu sizinagwe kumwamba, koma zinaumbidwa ndi amishoni, boma la atsamunda ndi anthu athu ophunzira. Ena amakwiya akamva zimenezi, ngati akuuzidwa kuti chikhalidwe chawo n'chopeka. Ine sindimva choncho. Taonani za ife. Makolo anabwera ali Amihavani, Atakhwani, Amanyawa, Akokhola, Amarenje ndi ena. Kuno anawaunjika pamodzi n'kuwatcha Anguru, dzina lomwe linasanduka chitonzo, moti ambiri anabisa chiyankhulo chawo, ana n'kukula osachidziwa. Anali a Lewis Mataka Bandawe, omwe anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe, amene mu 1943 anatsogolera bungwe la Alhomwe n'kuumiriza boma kuti lisiye dzina lonyozalo. Lero anthu amasonkhana kwa Chonde chaka ndi chaka pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ndipo gule wa tchopa analembedwa ndi UNESCO mu 2014 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Kudziwa kuti dzinali linachita kumenyeredwa sikulichepetsa. Kwa ine kumalilemeretsa.

Komabe ndili ndi dandaulo, ndipo ndilinena poyera. Bukuli linalembedwa m'Chingerezi, linasindikizidwa ku Cambridge, ndipo agogo ambiri omwe anapereka nkhani zawo sakanatha kuliwerenga. Nzeru zinachoka pamphasa kupita ku mashelefu a kutali. Chinanso, Magomero ndi buku la Magomero, si buku la Phalombe. Kwathu kuno kumaonekamo ngati njira yodutsamo: akapolo kutuluka, Alhomwe kulowa, Chilembwe kuthawa. Koma kuno si njira chabe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 430,000 m'boma lino. Mudzi uliwonse wa kwa Nazombe, kwa Mkhumba, kwa Kaduya, kwa Chiwalo, kwa Jenala ndi kwa Nkhulambe uli ndi nkhani yake ya momwe anthu anafikira, yemwe anawapatsa malo, ndi chomwe analipira.

Ndipo nthawi ikutithera. Munthu yemwe anali ndi zaka 18 pomwe thangata linkatha mu 1962, lero wapitirira zaka 80. Napolo wa mu Malichi 1991 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 anatilanda anthu ambiri, ena mwa iwo okalamba omwe anapita ndi nkhani zawo zosafunsidwa. Mu 2011 dziko lathu linapereka dzina la Fort Lister ku UNESCO pa mndandanda wa malo a njira za akapolo oyembekezera kuzindikiridwa. Zimenezo n'zabwino, koma zipupa sizilankhula. Olankhula ndi agogo anu omwe akuwotha moto pakhondepo.

Choncho pempho langa likupita kwa inu achinyamata omwe muli ndi foni m'thumba. White ankayenda ndi chojambulira mawu cholemera, inu chanu chikukwana m'dzanja. Sabata ino khalani pansi ndi agogo, muwapemphe chilolezo, muwajambule. Afunseni kuti makolo awo anachokera phiri liti, anawolokera pati, anafikira kwa mfumu iti. Afunseni ngati anagwirapo thangata, pa esiteti iti, ndime inali yotalika bwanji, ndipo ankaimba chiyani polima. Akayamba kuyankhula Chilhomwe kapena Chiyao musawadule, jambulani momwemo, tanthauzo mudzafunsa pambuyo. Lembani tsiku, dzina la mudzi ndi zaka zawo m'kope, ndipo mawuwo muwasunge malo awiri. Inu aphunzitsi a mbiri yakale m'sukulu zathu za sekondale, Fort Lister ili pakhomo panu. Pitani nawoni ana kumeneko chilimwe chino, aime mumpatamo, aone okha njira yomwe makolo awo anadutsa. Ndipo inu mafumu athu, tithandizeni kuteteza malowo kuti njerwa zotsalazo zisaphwasulidwe.

 Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi, ndipo amene mwajambula agogo anu, mutidziwitse kuno ku wailesi kuti mawu awo tidzawaulutse. 

(Ng'oma za tchopa)